Agalu Anaphunzirira pa Mkono wa Bambo Anga

Ndikukumbukira fungo la bambo anga akaweruka: thukuta, ziguduli zonyowa ndi malovu a galu. Tinkakhala ku Ndirande m'nyumba ya lendi, ndipo aliyense ankadziwa kuti a Makwinja amagwira ntchito kupolisi. Yunifolomu analibe, koma anthu sankafunsa. Aneba akamapita kumudzi ankasiya makiyi kwathu, ena mpaka wailesi.

Ntchito yeniyeniyo ndinaiona tsiku lina mayi atandituma kukawauza kuti mng'ono wanga watentha thupi. Nditafika kupolisiko, ndinasuzumira pa mpanda wa waya. Bambo anali atakulunga mkono ndi ziguduli ndi chidutswa cha tayala, akuthamanga pabwalo atanyamula chikwama. Wapolisi anakuwa mawu a Chingerezi n'kumasula galu. Chigalu chakuda msana, makutu ali njo, chinawadumphira n'kuwagwetsa, ndipo sichinasiye mpaka mwini wake atachiuza. Anachisisita n'kuchiponyera nyama. Bambo anadzuka okha, kusasa fumbi, n'kukaimanso poyambira, poti galu wina anali kudikira.

Pobwerera anandigulira chitumbuwa n'kundipempha kuti ndisauze anthu. Anati galu sangaphunzire kugwira wakuba popanda wina womuthawa, ndipo winayo ndi iwo. Anaseka, amvekere mu Blantyre muno mulibe wakuba amene wagwidwa kambiri kuwaposa.

Loweruka lina tinali kumsika, ine nditasenza dengu. Apolisi anali kuyendera msikawo ndi galu yemwe uja. Minibasi yathu itayamba kunyamuka, bambo anathamanga kuti aiimitse. Galu anangoona munthu wake wa masiku onse akuthawa, chingwe n'kumupulumuka wapolisi. Tsiku limenelo kunalibe ziguduli.

Pomwe wapolisi ankamuletsa galuyo, mkono wa bambo unali utang'ambika, magazi ali pa malaya awo oyera. Anthu anaunjikana. Mayi wina wa tomato, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, anati, "Galu wa polisi sanama. Wadutsa anthu onsewa n'kusankha iwowa."

Bambo ali pansi anayang'ana wapolisi uja. "Bwana, auzeni anthuwa."

"Iwenso Makwinja, umathamangiranji?" Anangotero, n'kukoka galu wake kumapita.

Mawu ochepa chabe akanakwana. Bala linapola koma zala sizinapindikenso, ndipo kuntchito anati mkono wofooka sungaphunzitse galu. Aneba anabwera mmodzimmodzi kudzatenga makiyi awo, moni wake waulemu kwabasi. Kusukulu anzanga ankati akandiona amayamba kuuwa. Bambo anayesa kufotokoza za ntchito yawo ija, koma popeza anaibisa nthawi yonseyi, anthu anati ndi bodza lopeka dzulo. Ndani akanamvera munthu n'kusiya galu wa boma?

Ndimathokoza Mulungu, bambo anatilerabe ndi dzanja limodzi, akugulitsa makala ku Chirimba, sitinagonepo ndi njala. Galuyo sindimuda, anachita zimene anaphunzitsidwa. Wapolisi uja ndimamupempherera monga atiuzira Malemba, koma kunena zoona, pemphero lake limandilemera pakamwa mpaka lero.

Masiku ano akuti ophunzitsa agalu amavala zochindikala thupi lonse, ndipo agalu otere achuluka, ali ndi m'magalimoto a makampani a alonda momwe. Mwana wanga wamwamuna atapeza ntchito ku kampani ina yotere, anabwera akumwetulira. Ndinagwada kuthokoza Ambuye, kenako ndinamufunsa ngati azikagwira chingwe kapena azikathamanga. Anati sanamuuze. Ndinati abwerere akafunse, asanayese n'komwe yunifolomu.