Foni ya Uthenga wa Maliro

Kwathu ku Nkolokosa uthenga wa maliro unkayenda ndi mapazi. Munthu ankagogoda pakhomo m'mawa, iwe n'kutenga jekete. Kenaka a mumpingo mwathu anatsegula gulu la pa foni, kugogoda kuja n'kutha. Ine ndinali ndi kafoni ka mabatani, kodziwa kulira basi.

N'chifukwa chake ndinaphonya maliro a mkulu wina wa ku Naperi, yemwe anagona panja pa nyumba yanga masiku awiri pamene mkazi wanga anatisiya. Ndinamva Lamlungu, ataikidwa kale Lachisanu. Mayi wamasiye anandipatsa moni bwinobwino, koma ine manyazi anandigwira. Munthu wosapita pa maliro a anzake timamudziwa tonse, ndipo sindinkafuna kukhala iyeyo.

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito m'tauni, anagamula msanga.

"Ababa, gulani foni yeniyeni. Zotchipazi n'kutaya ndalama."

"Yeniyeniyo ndi iti?"

Anandionetsa yake. Inali yokongoladi, yosalala ngati kalilole. Koma ndalama zomwe ndinali nazo ndinkasungira malata, poti mvula ikagwa kuchipinda ndinkayala mabeseni, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Kumeneko kuli mnzanga wachisilamu wogulitsa mafoni, tinadziwana kalekale iye akuyendetsa lole, ine ndikugwira ntchito kosungira katundu. Anandiikira mafoni awiri pa kauntala, yodula ndi yotchipa.

"Iyi, achimwene, ikujambulani mpaka imvi za m'mphuno. Inayi muzioneka ngati mwaima m'chifunga cha ku Thyolo."

"Nanga uthenga wa maliro umafika msanga pa iti?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Imfa siyang'ana mtengo wa foni, achimwene. Zonse zimalira nthawi imodzi."

Ndisaname, yodulayo ndinaigwira nthawi yaitali. Inkakhala bwino m'dzanja. Ndinadziona ndikuitulutsa m'thumba pa msonkhano wa akulu a mpingo, iwo n'kumasuzumira. Ambuye andikhululukire, ndinakondwa nawo maganizo amenewo. Mtengo wake unali malata onse, ndi misomali yomwe.

Mkazi wanga akamagula chinthu, kaya wailesi kaya simbi, ankafunsa funso limodzi lokha: chikafa, akonza ndani? Ndinamufunsa mnzangayo lomwelo. Analoza ndi chibwano kutsidya la msewu, kumene okonza mafoni amandandalika mabenchi awo.

"Yotchipayi galasi lake lili pa benchi iliyonse apo. Yodulayi ikasweka, mudikira wina abwere nalo kuchokera ku Joni. Komanso kakang'onoka batire lake limapirira njala kuposa ine m'mwezi wosala."

"Bwanji nanga munayamba kundionetsa yodulayo?"

"Nanenso ndili ndi ana, achimwene."

Ndinatenga yotchipayo. Malata ndinagula tsiku lomwelo, ochepa, okwana kuchipinda kokha. Mwana wanga anandilowetsa m'gulu la mpingo akudandaula, kenaka anandiuza ndidzijambule. Atachiona chithunzicho anagwira pakamwa.

"Ababa, mukuoneka ngati mzukwa!"

"Bola wandizindikira."

Patapita masabata angapo magetsi anazima tsiku lonse ndi usiku womwe. M'mawa ndikumwa tiyi, kafoni katsopano kaja kanalira. Kunali ku Naperi komwe kuja, mchimwene wa mayi wamasiye uja anali atamwalira. Tiyi ndinamusiya pomwepo, n'kutenga jekete.

Ndinafika woyamba mwa amuna onse a mumpingo. Ndinanyamula mabenchi, ndinathandiza kukoka tenti, ndinawaza nkhuni ziwiri zitatu mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga. Akulu ena anafika dzuwa litakwera, akupepesa kuti mafoni awo anali atazima, ndipo mmodzi anabwereka kanga kuti aimbire kunyumba. Ndinamupatsa mosanyadira, kapena ndinene kuti ndinayesetsa.

Mayi uja atatuluka m'nyumba anandipeza ndikupukuta benchi. Anandiyang'ana pang'ono.

"Mwamva msanga, abambo."

"Ndamva, amayi," ndinatero, n'kupitiriza kupukuta.