Mayi Mawu Atatu

Ku laibulale ya koleji ya anamwino aliyense amawatcha Mayi Mawu Atatu. Analowa ntchito ngati wokolopa, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri makompyuta ankangowapukuta fumbi. Koma woyang'anira laibulale akamaphunzitsa ophunzira atsopano kusaka m'nkhokwe ya pa kompyuta, momwe mumasungidwa zolemba za akatswiri, iwo ankachedwa dala pakhomo, khutu lili tcheru. Tsiku lina woyang'anirayo anawapeza akuthandiza wophunzira. Sanawakalipire, anawapatsa mpando pa desiki yakutsogolo.

Chaka chatha kunabwera mzamba wina waimvi, wobwerera kusukulu atagwira ntchito zaka makumi awiri. Analimbana ndi kompyuta ya pakona m'mawa wonse, kenako ananyamula chikwama.

"Achemwali, mukupita kale?" anafunsa mayiwo.

"Makinawa akuti nkhani ya kafukufuku wanga palibe anailembapo. Kaya mutu wake ndi wachabechabe."

Mayiwo anasuzumira. Mzambayo anali atalemba funso lonse, mizere iwiri yathunthu, lofunsa chifukwa chimene amayi amasiyira kuyamwitsa msanga akabwerera ku ntchito.

"Kompyuta si apongozi anu kuti muziyamba ndi malonje. Ndipatseni mawu atatu basi."

"Amayi. Kuyamwitsa. Ntchito."

"Alembeni nokha m'Chingerezi. Zala ndi zanu."

Zinatuluka zolemba zikwi zinayi. Mzambayo anagwira mutu.

"Musanjenjemere, tsopano tipete." Anamuuza asankhe za zaka zisanu zapitazi, kenako zokhazo zimene akatswiri ena anaziunika zisanasindikizidwe. Mawu oyendera limodzi anamuonetsa kuwatsekera m'zizindikiro zogwira mawu, kuti makina asawabalalitse. Zinatsala makumi atatu ndi ziwiri.

"Tsegulani chimene chakugwirani mtima. Pansi pa chidule mwini wake wandandalika mawu ake osakira. Bwerekani amenewo, musakenso."

Mzambayo sanadzuke mpaka nthawi yotseka. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri, n'kumawalangiza yekha mokweza, mpaka mayiwo anachita kumukumbutsa kuti muno ndi mu laibulale.

Kafukufuku wake atatha, chipatala chimene amagwirako chinapatula kachipinda koti anamwino aziyamwitsiramo ana nthawi yopuma. Mzambayo anabwera kudzawauza mayiwo, chithunzi cha kachipindako chili pa foni. Mayiwo anavala magalasi, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Mipando iwiri yokha? Kawauzeni awonjezere."