Mbaula imene ndinapita nayo ku Kimara

Mbaula ya kwathu ndinaimenya theche Lachitatu masana, m'chipinda chathu cha lendi ku Temeke, mumzinda wa Dar. Chimene tinkakanganira ndi mkazi wanga sindichikumbukanso bwino, mwina zinali za ntchito ya kugalaja imene anali atangondichotsa. Chimene ndimakumbuka ndi makala akumwazika pasimenti, kenako kulira kwa mwana wathu wamkazi. Anali atangoyamba kuyenda. Khala limodzi linamugwera pamwamba pa phazi.

Tsiku lomwelo mkazi wanga anabereka mwanayo n'kupita kwa mayi ake ku Kimara. Sananditukwane. Bola akanatukwana.

Ukali ndinayamba nawo kale. Sukulu ndinasiyira Sitandade 7 kwathu ku Balaka nditalimbana ndi mphunzitsi, ndipo amalume anga oyendetsa lole ananditengera kuno ku Dar kuti mwina ndikasintha malo ndizizira. Amalume omwewo ndiwo ankhoswe anga. Atamva za mwanayo pafoni, ali pamzere wa malole kumalire, anandiuza kuti ndisayerekeze kuponda pakhomo pa apongozi iwo asanabwere kudzakamba mlandu. Padakali pano ndipite kwa mnzawo wakale, mkulu wina wa ku Dedza amene wakhala ku Temeke kuyambira ine ndisanabadwe. Amaumba dongo lija limakhala m'kati mwa mbaula kuti moto uzisungika.

Mkuluyo sanandifunse zambiri. Anandilozera dzenje losaya lodzaza dongo lonyowa, nati ndivule nsapato, ndipinde buluku, ndiponde mpaka lifewe. Ndinaliponda ngati ndikupha njoka. Ola lisanakwane ndinawauza kuti ndamaliza. Iwo anatapa chibuma chimodzi, n'kuchidula pakati ndi waya, n'kundionetsa timabowo tili mbwee ngati m'kati mwa buledi.

"Uwu ndi mpweya, mphwanga. Mu uvuni umaphulika, ndipo suswa mbaula yako yokha ayi, umaswa ndi zoyandikana nazo."

Ndinaganiza kuti amalume awauza zonse, ndiye akundinena. Ndinalanda chibumacho n'kugenda nacho mpanda wamalata. Mkuluyo anakachitola, n'kuchotsa zinyalala, n'kuchibwezera m'dzenje, n'kupita kukamwa tiyi wawo.

Mawa lake analowa nane m'dzenjemo n'kundionetsa kapondedwe kake. Chidendene chiyambe, kenako phazi lonse. Uyambire m'mphepete uzizungulira mpaka pakati. Masitepe atatu ukukoka mpweya, atatu ukuutulutsa, pakamwa potseka. Phazi likamva kamwala, uime, uwerame, ukachotse, chifukwa nako kamang'amba mbaula pamoto. Akamaponda ankaimba nyimbo za kutchalitchi cha m'mphuno, osatchula mawu. Tsiku lina anandiuza okha kuti chimwalirireni akazi awo, kupemphera ndi pakamwa kunawakanika, ndiye amapemphera ndi mapazi. Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Masabata oyamba ndinkangomva kupweteka kwa akatumba. Kenako ndinayamba kumva zina. Munthu ukamazungulira m'dongo maola atatu osalankhula, zimene unkathawa zimakupeza momwemo. Ine chinkandipeza ndi kaphazi kaja. Kawiri konse ndinalira ndili chiimire, dongo lili m'miyendo, mkuluyo n'kumangopitiriza nyimbo yawo ngati sakuona. Ndinazindikiranso kuti mkwiyo wanga suyambira mumtima monga ndinkaganizira. Umayamba ndi nsagwada kulimba, n'kutsikira kuseri kwa bondo lakumanja. Ndikaumva msanga n'kuwerenga mpweya, nthawi zina unkabwerera. Nthawi zina ayi.

Patatha mwezi ndi theka anandilola kuumba. Zisanu zoyamba zinang'ambika mu uvuni. Yachisanu ndi chimodzi inatuluka yamphumphu, ukaigogoda n'kumalira bwino. Mkuluyo ali ndi lamulo lawo: yoyamba kupulumuka pamoto sagulitsa, woumbayo amapita nayo kunyumba. Okhoma malata oyandikana nafe anaiveka chitsulo chake, n'kukhala mbaula yeniyeni. Koma ine kunyumba kunalibe wophika. Mkuluyo atandiona ndikuikulunga m'thumba, anandifunsa ngati amalume abwera. Ndinati sanabwere. Anati ndiwadikire. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Loweruka m'mawa ndinakwera daladala, minibasi ya kuno, mpaka m'tauni, kenako basi yaitali imene amaitcha mwendokasi, yopita ku Kimara. Munali mothinana. Bambo wina anandiponda phazi, n'kunditukwananso m'Chiswahili kuti katundu wanga akumugunda. Nsagwada zinalimba. Ndinakoka mpweya, katatu, n'kutulutsa, katatu, mpaka iye anatsika. Ku Kimara ndinatsika ndikudzimva ngati munthu watsopano, ndikukonza mawu oti ndikawauze.

Apongozi ndinawapeza akuchapa pakhonde. Atandiona anakoka chitenje n'kutembenukira kukhoma. Ndinanjuta chapatali n'kuomba m'manja. Mkamwini wopalamula sadzibweretsa yekha, zimenezo ndinkazidziwa, koma ndinkaganiza kuti mbaula indilankhulira. Anafunsa, nkhope ili kukhoma komweko, kuti ankhoswe ali kuti. Ndinati ali paulendo.

Mkazi wanga anatuluka, mwana atagwira chitenje chake kumbuyo. Mwanayo anali atatalikako. Paphazi panali chipsera chotuwa, chachikulu ngati chitsekerero cha botolo. Ndinamasula thumba n'kuiika mbaula pansi pakati pathu. Mwanayo atangoiona anakuwa, n'kubisa nkhope m'miyendo ya mayi ake. Pambuyo pake ndinamva kuti chichokereni kwathu ankaphikira kuseri kwa nyumba, chifukwa mwanayo sankafuna kuona mbaula ngakhale yozima.

"Pa zinthu zonse za mu Dar muno, mwasankha kumubweretsera mbaula?" anatero mkazi wanga.

Ndinafotokoza mofulumira kuti ndaumba ndekha, kuti ndimaponda dongo tsiku ndi tsiku, kuti ndasintha. Ndinanenanso za bambo wa m'basi uja.

"Ndiye tikuombereni m'manja poti lero simunamenye munthu?"

Nsagwada zinalimba. Mkwiyo ndinaumva ukutsika mpaka kuseri kwa bondo, ndipo phazi langa linasuntha pang'ono, pang'ono kwambiri, molunjika mbaula ija. Sindinaimenye. Ndinaima n'kupuma monga ndinaphunzirira, katatu ndi katatu, mpaka mwendo unafewa. Koma pamene ndinkadzutsa maso, mkazi wanga anali atanyamula kale mwana n'kubwerera mpaka pachitseko. Sankandiyang'ana nkhope. Ankayang'ana phazilo.

Apongozi anafinya malaya amene anali m'manja mwawo, n'kuuza khoma kuti amalume akabwera afike ndithu, koma adzangomva mawu omaliza.

Amalume anabwera patatha masabata awiri, anandikalipira, anapita ku Kimara ndi mnzawo wina, ndipo anabwerako ndi mawu omwewo. Banja linathera pamenepo. Amalume anangondipemphera chilolezo choti mwana ndizimuona Lamlungu loyamba la mwezi, pabwalo la tchalitchi, agogo ake ali pomwepo. Mwanayo amavala nsapato zapulasitiki zoonetsa chipsera. Masiku ano amalola kuti ndimugwire dzanja, koma kumunyamula sanalolebe.

Mbaula ija ndinabwerera nayo m'basi yomweyo. Mkuluyo ataiona sanati ndinakuuza. Anaikamo makala n'kuteleka ketulo, ndipo mpaka lero ndi imene timaphikira tiyi kuntchito. Imasunga moto bwino, sinang'ambike. Lolemba lotsatira ndinavula nsapato n'kulowa m'dzenje, kuyambira m'mphepete. Ndimapondabe. Nyimbo zawo zija ndinaziloweza, ngakhale mawu ake sindinawafunsepo.