Sailensa ndi Chitengwa Changa

Amuna anga anali makaniko ku Katete, ine ndili kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika, kudikira kuti amayi avomere chitengwa. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo kuti akutenge ukakhale kwawo, mpaka akwanu alole. Ine mtima unali kutauni basi. Koma nkhaniyo ikangoyamba, amayi ankati "Tiona," n'kunyamula khasu.

Zaka zimenezo amuna anga anapeza motoka yofiira kwa mzungu wina wokonza misewu amene ankabwerera kwawo. Inali ya tabo, kachitsulo kopindika ngati nkhono kamene kamapopera mpweya mu injini. Munthu wanzeru akanangoyendetsa momwemo. Iwo ayi! Anadula sailensa, chitsulo chochepetsa phokoso, n'kuiponya kuseri kwa galaja, m'malo mwake n'kuwotcherera chipaipi cha mjigo. Anakulitsa timabowo ta kabureta, n'kulimbitsa sipuling'i ya tabo ndi mawashala kuti izipuma mwaukali. Injini ankaitchera ndi khutu, mutu uli m'boneti, akumwetulira okha.

Mayo ine, phokoso lake! Akangopatuka pa tala, mudzi wonse unkadziwa. Tabo ikuliza mluzu, paipi ikuphulika, agalu akuuwa, nkhuku balalabalala. Pofika pakhomo ankapeza amayi atalowa kale m'nyumba, chitseko chili chotseka. Moni ankapatsana kudzera mwa ine, paja mkamwini ndi apongozi saonana maso, ndipo wina sadya mnzake akuona.

Ine ndinati chikutseka chitengwa changa ndi chiphokoso chimenechi.

"Bambo, amayi anga ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Angapereke mwana wawo kwa munthu wobwera ngati bingu? Bwezerani sailensa ija."

"Iwe, motoka itha mphamvu," anatero amuna anga.

"Ndiye mukakhale ndi motokayo ku Katete, izikuphikirani."

Anaibwezera, nkhope ili ngati ya pamaliro.

Loweruka lotsatira ndinakawachingamira kumsewu kuti ndidzimvere ndekha. Zii! Motoka inkangoti fuu, basi. Ndinakwera ndikudzitama mumtima. Tinalowa m'mudzi, galu ngakhale mmodzi osauwa. Titangokhota pa nkhokwe, ha! Amayi ali khale pakhonde, miyendo tambalale, kumutu kopanda duku, akudya mbewa zootcha. Kamchira kali lende pamlomo. Maso awo ndi a mkamwini wawo anakumana ndithu.

Amuna anga pofuna kubisa nkhope anawerama msanga, chipumi n'kukagunda hutala. Piii! Amayi anadzambatuka, mbale uko, patapata uko, chitseko phaa! Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndani akanapirira?

Kenako mawu aukali anatuluka kuseri kwa chitseko.

"Iwe mwana, uwauze bambowo. Masiku onsewa ndimati ndi munthu waulemu, amaodira ali kumsewu kuti ndikonzeke. Lero abwera chozemba ngati fisi. Mkamwini wotere sindingakhale naye pamudzi pano. Akutenge, muzipita!"

Amuna anga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Sindinanene kuti nzeru ya sailensa inali ya yani, ndipo iwo anaopa kutsegula pakamwa. Amalume atamva anangoti mwini mwana wanena, ife ndife yani. Chitengwa chinatheka chifukwa cha mbewa.

Ndinamanga katundu ndikuimba. Koma tsiku lonyamuka amayi anandikokera kuseri kwa nyumba, kumene mkamwini sangawaone. Anandigwira dzanja mwamphamvu. Ndinali mwana wawo wamkazi mmodzi yekha, ndipo m'chisangalalo changa chonse ndinali ndisanaganizeko zoti atsala ndi yani.

"Uwauze achotsenso chitsulo chija," anatero motsitsa mawu. "Pano pakhala zii tsopano. Ndizimva muli kutali kuti mwana wanga akubwera."

Ndinalira njira yonse mpaka ku Katete, ndipo m'motoka yachete ija amuna anga ankamva chilichonse.