Chimphona Chopukuta Mawotchi ku Suwa

Inu amene mwagwa pa chinthu chomwe munachipatsa moyo wanu wonse, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za Noboru Karasawa.

Tsiku lomwe anamudula tsitsi kunabwera anthu khumi ndi mmodzi basi. Wogwetsana wa sumo, masewera a zimphona zogwirana malamba a m'chiuno n'kukankhirana kunja kwa bwalo, akamasiya masewerawo, abale ndi anzake amabwera kudzadulako tsitsi lake lomanga pamwamba pa mutu, aliyense pang'ono. Otchuka amawadulira m'bwalo lalikulu, anthu ali pamzere mazanamazana. Noboru anamukhazika pampando m'chipinda chophunzirira, ndipo theka la ola lisanathe mwambo unali utatha. Bambo ake sanabwere. Anangotumiza uthenga woti mitengo ya maapozi ikuchita maluwa, munda sungasiyidwe.

Analowa m'nyumba ya ogwetsana ku Tokyo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, sukulu n'kuisiyira pomwepo. Mudzi wonse unamuperekeza ku siteshoni. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankadzuka m'mamawa, kusesa, kuphika, kutsuka akuluakulu kumsana, kenako kugwetsana mpaka thupi kuchita dzanzi. Kawiri konse anafika pakhomo pa gulu la akatswiri olandira malipiro, kawiri konse anagwa pa mpikisano womaliza. Kachitatu bondo lamanzere linaduka mitsempha, dokotala n'kumuuza mosapita m'mbali kuti masewera athera pamenepo.

Kumudzi sanabwerere. Nkhope za anthu omwe anamuperekeza aja sakanatha kuziyang'ana. Anatsikira kwathu kuno ku Suwa, komwe fakitale ina yaing'ono yopanga zigoba za mawotchi inkafuna munthu wonyamula mabokosi a zitsulo.

Kachipinda komwe anapeza kanali kakang'ono, moti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Koma chomwe chinkamusautsa si kuchepa kwake ayi, chinali bata. Chichokereni ku ubwana sanagonepo m'chipinda mopanda mkonono wa anthu makumi awiri. Kuphikira munthu mmodzi sankadziwanso. Akati aphike nkhuku ndi kabichi, mphika unkadzaza mpaka pakamwa, iye n'kukhala pansi yekha, kudya mbale ziwiri, zotsala n'kumazitenthetsa sabata yonse.

Kuntchito, mipando ya m'chipinda chodyera inali yaing'ono kwa iye. Mpando woyamba womwe anakhalapo anauthyola. Kuyambira tsiku limenelo ankadyera panja, pa mulu wa matabwa kuseri kwa fakitale, ngakhale chipale chofewa chikugwa.

Tsiku lina anatumidwa kukataya bokosi la zigoba zokanidwa. Anatolamo chimodzi. Chinali chowala ngati kalilole, chopanda chipsera ngakhale chimodzi. Anaima nacho nthawi yaitali, mpaka Mayi Ushiyama, mkulu wa opukuta, anamupeza pomwepo. Anali mayi wamfupi wa imvi, amene anali atakhala pa makina omwewo zaka makumi atatu ndi zisanu.

"A Karasawa, bokosilo likulemera?"

"Ayi, Mayi. Ndikungodabwa kuti ichi chalakwa pati."

Mayiwo anachitenga n'kupita nacho pawindo. "Weramani. Mukuona mzere wa felemu ya windoyi m'chitsulomu? Utsatireni ndi maso."

Noboru anawerama. Mzerewo unayenda mowongoka, kenako pafupi ndi ngodya unapindika pang'ono, ngati tsitsi lagwera m'madzi.

"Pamenepo," anatero mayiwo. "Kuwala kokha n'kosavuta, ngakhale supuni imawala. Ife timafuna kuti mbali iliyonse ikhale yafulati kwenikweni. Mbali ina ikagwira kuwala, inzake izigwira mthunzi, pakati pake pakhale mzere wakuthwa. Wotchi yotero sisowa maluwa kapena miyala. Munthu akangotembenuza dzanja, imasintha nkhope yokha."

"Nanga wogula angaone kupindika kumeneku?"

"Mwina ayi. Koma ine ndakuona."

Patapita sabata, Noboru anapita kukaima kumbuyo kwa mayiwo, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti amuphunzitse. Hanaoka, wopukuta wina wokonda nthabwala, anaseka mpaka kuchotsa magalasi.

"Achimwene, chala chanu chimodzi n'chachikulu kuposa wotchi yonse. Mukufuna kuipukuta kapena kuikankhira kunja kwa bwalo?"

Mayi Ushiyama sanaseke. Anagwira dzanja la Noboru, kulitembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsomba pamsika, n'kunena kuti: "Mabokosi mupitiriza kunyamula. Mukaweruka, ola limodzi ndi lanu. Zitsulo muzitola m'bokosi la zotaya."

Ntchito yake ndi iyi. Pamakhala mbale yachitsulo yozungulira mwaliwiro, yopakidwa mankhwala osalazira. Wopukuta amagwira chigoba ndi zala n'kuchigunditsa pankhope pa mbaleyo kwa kamphindi. Malo omwe akupukutidwawo sawaona, chifukwa ayang'ana ku mbale. Akakanikiza pang'ono kwambiri, palibe chichitika. Akapitiriza muyeso, chitsulo chimadyeka, ndipo chodyeka sichibwerera.

Noboru ankapitiriza muyeso tsiku lililonse. Zitsulo zinkamuotcha zala, zina zinkamupulumuka n'kukagunda khoma. Mayi Ushiyama ankatola chilichonse, kuchiyang'ana pawindo, n'kuchibweza m'bokosi. Mawu okhawo omwe ankabwereza anali akuti, "Mphamvu zanuzo muzizisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato."

Chaka chinatha asanawongole mbali ngakhale imodzi.

M'chaka chachiwiri, madzulo ena, mayiwo anamufunsa funso lomwe palibe anali atamufunsapo ku Suwa.

"Kuja ku sumo mukagwira lamba wa mnzanu, munkadziwa bwanji kuti akufuna kukuponyerani kumanzere?"

"Zimamveka m'zala, Mayi. Asanasunthe, kulemera kwake kumayamba kusamuka."

"Munkayang'ana mapazi ake?"

"Ukayang'ana pansi wagwa kale."

"Nanga bwanji kuno mukulimbana n'kusuzumira? Mbaleyi nayo imanena zomwe ikuchita. Imvereni m'zalamo."

Noboru anasiya kusuzumira. Anagunditsa chitsulo mopepuka n'kudikira. Anamva kunjenjemera kukuchepa, kutentha kukukwera pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi, ndipo anachichotsa. Mayi Ushiyama anapita nacho pawindo, n'kukhalitsa kuposa masiku onse. Pobwera sanachiponye m'bokosi. Anachiika patebulo.

Pa Chaka Chatsopano chotsatira analimba mtima n'kupita kumudzi. Bambo ake anamulandira ngati mlendo wodutsa. Atadya, anamufunsa maso ali pa wailesi yakanema.

"Ndamva kuti ukupanga mawotchi."

"Ndimapukuta zigoba zake, Bambo."

"Dzina lako limalembedwapo?"

"Ayi."

Bamboyo anakweza mawu a wailesi. Chaka chomwecho, nthawi yothyola maapozi, anamwalira. Noboru ananyamula nawo bokosi la maliro, n'kubwerera ku Suwa ndi mawu omwe sanawanene.

Atakwanitsa zaka zitatu anamuchotsa ku mabokosi n'kumupatsa makina akeake. Ntchito yoyamba yeniyeni inali zigoba makumi anayi za kampani yaikulu yomwe inkadyetsa fakitale yonseyo. Anazigwira masabata awiri ndi mtima wonse. Pofuna kuti ziwale koposa, chilichonse anachibwezera pa mbale kamodzi kowonjezera. Zonse makumi anayi zinabwezedwa. Mizere yakuthwa ija inali itafafanizika, ngodya zitabuntha ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito.

Mwini fakitale anapita yekha kukapepesa kukampaniko. Atabwerako ananena kuti Karasawa abwerere ku mabokosi. Tsiku limenelo ngakhale Hanaoka sanatulutse nthabwala.

M'mawa mwake Noboru anafika ndi kalata yosiya ntchito. Anapeza Mayi Ushiyama akupaka mankhwala pa mbale yawo, anthu ena asanabwere. Anawapatsa kalatayo ndi manja awiri. Mayiwo anaiwerenga mpaka kumapeto, n'kuipinda bwinobwino.

"Mupita kuti?"

"Sindikudziwa. Ndakuchititsani manyazi, Mayi. Ine ndi munthu wofika pafupi basi. Kuja zinali choncho, kunonso ndi zomwezo."

"Kuja munasiya chifukwa bondo linaduka," anatero mayiwo. "Kuno chaduka n'chiyani?"

Noboru anayang'ana manja ake, mayiwo n'kupitiriza.

"Manja anu alibe vuto. Vuto ndi loti simukhulupirira kuti zomwe mwachita zakwana, ndiye mumawonjezera. Ntchito ino theka lake ndi kudziwa posiyira. Ine zimenezo zinanditengera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinawononga zambiri kuposa inu. Kalatayi ndisunga. Mukaifunabe mwezi wamawa, mudzaitenge."

Anabwerera ku mabokosi chaka china chathunthu. Ankanyamula zitsulo kudutsa pafupi ndi makina omwe anali ake, wina atakhalapo. Akaweruka ankakhala ola lake lija. Zigoba makumi anayi zobwezedwa zija anazipempha, n'kuzindandalika pawindo la kachipinda kake. Lamlungu, anzake akamapita kokayenda ndi mabanja awo, iye ankazitenga chimodzichimodzi, kufufuza pomwe anapitirira. Panalibe womufunsa kuti wadya chiyani, panalibenso woti amuuze kuti lero zayendako. Kalata ija sanakaitenge.

Atamubwezera pa makina, zigoba zake zinayamba kudutsa. Poyamba ankamupatsa zosavuta. Kenako anayamba kumupatsa za ngodya zambiri, zomwe mbali yowala ngati kalilole imakumana ndi mbali ya timizere tosalala, pomwe dzanja likangoterereka pang'ono ntchito ya tsiku lonse yapita. Zala zake zikuluzikulu zija zinapezeka kuti sizinjenjemera ndipo sizitopa msanga. Anaphunziranso kwa Mayi Ushiyama kusalaza mkati mwa timiyendo togwira lamba, malo omwe lamba akangomangidwa sadzaonekanso.

"Bwanji timavutika ndi pobisika?" anafunsa tsiku lina.

"Wotchi imeneyi idzakhala zaka makumi asanu. Tsiku lina wokonza adzachotsa lamba, ndipo adzadziwa kuti tinali anthu otani."

M'chaka chake chakhumi ndi chimodzi, manja a Mayi Ushiyama anayamba kunjenjemera. Anadzionera okha, wina asanawauze. Lachisanu lina anapukuta tebulo lawo, kupachika epuloni, n'kuuza mwini fakitale pamaso pa onse kuti zigoba zovuta kwambiri zizipita kwa a Karasawa. Hanaoka anakoka mpando wa mayiwo n'kuuyang'ana mokayika.

"Uwu sutha sabata. Bwana, muwagulire benchi."

Anthu anaseka, Noboru nayenso anaseka. Mayi Ushiyama anasamukira kwa mwana wawo wamkazi kutali kumpoto, ndipo munthu yekhayo amene ankacheza naye mawu opitirira moni anali atapita. Noboru sanakwatire. Thupi linaphwa, bondo limamupwetekabe nyengo yozizira. Koma mawotchi omwe kampani ija imapanga owerengeka pachaka, zigoba zake zimadutsa m'manja mwake, ndipo opukuta atsopano amabwera kudzaima kumbuyo kwake mwakachetechete.

Chaka chatha anatumidwa ku Osaka kukaona makina atsopano. Akudikira sitima yobwerera, anadutsa pa sitolo ina ya mawotchi apamwamba. M'galasi munali wotchi yachitsulo, yoyera nkhope, yopanda chokongoletsa chilichonse. Anaizindikira nthawi yomweyo. Zamtundu umenewo zinapangidwa makumi awiri zokha, ndipo zonse anapukuta ndi iye. Aka kanali koyamba kuona ntchito yake itamalizidwa, mivi ikuyenda.

Analowa. Wogulitsa, mayi wovala magolovesi oyera, anayang'ana jekete lake lakale ndi mapewa ake otambalala, komabe anamulandira mwaulemu n'kuitulutsa pa kansalu.

"Imeneyi, bambo, imapukutidwa ndi manja. Akuti m'dziko muno anthu otha ntchito imeneyi ndi owerengeka. Taonani mzere uwu. Ine ndimati amene amachita zimenezi ali ndi tizala tating'ono ngati ta woimba zeze."

Noboru anaitenga n'kupita nayo pafupi ndi windo. Anatsatira mzere wa felemu kuchokera ku ngodya ina mpaka ku inzake. Unali wowongoka. Anaitembenuza pang'ono, mbali imodzi inada, inzake n'kuyera. Anaiika pakhutu, n'kumvetsera kwa kanthawi.

"Mwaikonda? Tingakuyezeni padzanja?"

"Ayi, Mayi, zikomo," anatero Noboru, akuibweza pa kansalu ndi manja awiri. "Ndimangofuna kuona ngati inafika bwino."

Wogulitsayo anatsala akumuyang'ana. Iye anawerama, anatuluka, n'kukakwera sitima yake. Lolemba m'mawa anali pa makina.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwatsala nokha. Mwina chomwe munkati ndicho moyo wanu chatha, ndipo amene munkafuna kuti akunyadireni anapita asanaone kanthu. Zimenezo n'zowawa, sindikunamizani kuti zimapola zonse. Koma dzifunseni moona mtima ngati chilipo chomwe chadukadi. Ngati manja alipo ndipo mpweya ulipo, kalata yosiyira ija musaipereke lero. Musataye mtima. Mawa mudzuke, mukakhalenso pa ntchito yanu.