Madzi Otsukira Lipenga

Ee, lero ndiulule ine, nkhaniyi ndakalamba nayo. Kale ku Balaka tinali ndi bandi ya achinyamata, ng'oma kumbuyo, malipenga kutsogolo, masiketi oyera mbee, mapazi kugunda pansi ngati munthu mmodzi. Ine ndinkaliza lipenga, ndipo zinkakoma zaka zimenezo, ana inu.

Tsiku lina m'mwezi wa Ramazani tinapita kusiteshoni kukalandira akuluakulu a chipani. Aphunzitsi a bandi anali atanena kuti pakati pa ine ndi mnzanga Asiyatu, woliza bwino tsiku limenelo ndiye azitsogolera mzere. Koma sitima inachedwa, dzuwa likuswa mtengo, tonse awiri tikusala, milomo itauma gwa.

Ndinati, "Aphunzitsi, lipenga lalowa fumbi, ndikatsuke."

Kuseri kwa mabogi ndinathira madzi m'lipengamo, ndipo m'malo motaya ndinapendeketsera kukamwa. Madzi onunkha mkuwa, koma kuzuna kwake mpaka lero ndimakumbuka!

Sitima itafika, lipenga langa linamveka mpaka kumsika. La Asiyatu, amene anasaladi, linangotulutsa mpweya. Mzere unakhala wanga.

Madzulo pomasula kusala, amayi anauza anansi kuti, "Wangayu ngolimba, kuliza chonchija asanalawe kanthu." Anandigawira futali wambiri kuposa onse.

Asiyatu anali pomwepo pamkeka. Anandinong'oneza, "Iwe, pachibwano pako paja pananyowa bwanji?"

Ndinati, "Iyayi, thukuta."

Ndipo futali uja, Mulungu andikhululukire, ndinapempha woonjezera.