Anati Ndine Ndikudula Ana Anga

Mwana wanga woyamba anamwalila asanayambe kukwawa. Anabadwa bwinobwino, wonenepa, wa tsitsi lakuda bii, moti azimai a kutchalitchi ankalimbilana kumunyamula. Patapita miyezi ingapo tsitsi lija linayamba kuthothoka, khungu la m'mbali mwa kamwa ndi la m'maso linafiila n'kuyamba kusendeka, kenako kunabwela kukomoka. Ankauma thupi lonse, maso ali m'mwamba, timanja tikunjenjemela. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Anatipatsa mankhwala oletsa kukomoka, koma sanathandize. Tinamuika m'manda nyengo yothyola thonje.

Kwathu ine ndi ku Nyalugwe, koma ndinakwatiwa ku Ndake. Banja la amuna anga linachokela ku Katete kudzafuna minda, ndipo kwa iwo mwana ndi wa bambo. Choncho malilo aja anali awo, ine ndinali ngati munthu amene wataya katundu wa eni ake. Palibe anandinena poyela nthawi imeneyo. Ndinkangoona kuti ndikafika pa chitsime nkhani zimaduka.

Wachiwili anali mtsikana. Tsiku limene ndinapeza tsitsi lake litatsalila pa chitenje chimene ndinkamubelekela, ndinadziwa kuti zayambanso. Posakhalitsa pakamwa panafiila. Atakomoka koyamba, apongozi anga akazi anandiitana pakhonde pawo dzuwa lili pamutu. Panali azakhali awili a amuna anga. Amuna angawo anakhala pambali akukonza sipuleya yopopela mankhwala a thonje, maso osadzutsa.

Apongozi anati, "Mwana sadwala chonchi popanda chifukwa. Woyamba uja munatidulila, tinakhala chete. Uyu sitilola. Tchulani mwamuna amene mukuyenda naye, timusambitse mwanayu mankhwala achile."

Kudula kumene ankanenako n'kwakuti mai akagona ndi mwamuna wina mwana ali kubele, mwanayo amadwala mpaka kufa, pokhapokha maiyo ataulula. Ndinakula ndikuzimva zimenezi, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina adzandiloza nazo ine.

Ndinati, "Amai, ndilibe dzina loti nditchule."

"Ndiye mwasankha kuika wina m'manda?"

"Sindinasankhe chilichonse. Mwamuna wanga ndi uyo wakhala apoyo. Wina sindimudziwa."

Anandisunga pakhonde paja mpaka mthunzi unasuntha. Mwana ankalila kumsana, iwo akubweleza funso lomwelo. Chimene chinandipweteka kwambili chinadza pambuyo pake, titabwelela kunyumba kwathu. Amuna anga anakhala pa mpando nanena motsitsa mau, "Amake mwana, ingotchulani aliyense. Tchulani ngakhale wa malonda wodutsa, amene sadzabwelanso kuno. Nkhani ithe."

Ndinawafunsa, "Inu mukukhulupilila kuti ndinachita?"

"Sindikudziwa. Ndatopa."

Kutopako ndinakumvetsa, pakuti naonso anaika mwana m'manda. Koma ndinaona kuti ndikanama, mwana adzasambitsidwa mizu, adzamwalilabe, ndipo ine ndidzatsala ndi dzina la mkazi wachiwelewele amene anapha ana ake. Kutacha ndinabeleka mwana, ndinakwela njinga ya hayala mpaka kumsewu waukulu, n'kupeza minibasi ya ku Petauke kumene kumakhala mkulu wanga.

Kuchipatala cha kumeneko anatigoneka. Mwayi wathu unali wakuti sabata imeneyo kunabwela dokotala wa ana wochokela ku Lusaka, mai wamfupi wa magalasi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anayang'ana mutu wa mwana, pakamwa, m'maso, kenako anandifunsa ngati ndinali ndi mwana wina. Nditamufotokozela za woyamba uja, anakoka mpando n'kukhala pansi. Anafunsa zonse, mmene anayambila, mmene ankapumila, ngakhale ngati ine ndi amuna anga tili pa chibale. Chiyambileni mavuto athu, ameneyu anali munthu woyamba kufunsa za mwana wanga wakufa popanda kundiyang'ana ngati wakuba.

Anati akufuna mkodzo wa mwana ndi timadontho ta magazi ta pa chidendene. Zimenezi adzazisunga mozizila n'kuzitumiza kutali, kumene kuli makina amene chipatala chathu chinalibe. Dzina la makinawo ndinachita kumubwelezetsa, amati masi sipekitomita.

Anati, "Mumadziwa sikelo ya thonje, amai? Awa ndi sikelo ya tinthu tosaoneka ndi maso. Amaphwanya zili mu mkodzo kukhala tizidutswa, n'kuyeza kulemela kwa kalikonse. Chinthu chilichonse chili ndi kulemela kwakekwake, choncho makinawo amachizindikila. Ngati thupi la mwana likulephela kugaya chinachake, chotsalacho chimaunjikana, ndipo timachipeza mmenemo. Ndi omwewonso amayeza nshawa ndi chimanga kuti aone ngati muli poizoni wa chuku."

Ndinamufunsa, "Kodi angaonenso ngati mai wake anachimwa?"

Sanaseke. Anavula magalasi nandiyang'ana. "Ndani wakuuzani zimenezo?"

Ndinalila pamenepo, pamaso pa anamwino ndi odwala ena, kulila kumene ndinakubisa pakhonde la apongozi.

Atatenga mkodzo ndi magazi, dokotala uja anati ali ndi chimene akuchiganizila, ndipo sitingadikile zotsatila mwana akukomoka. Anandipatsa mapilisi ang'onoang'ono a vitamini wina, kuti ndizipela limodzi m'supuni ndi mkaka wa m'mawele tsiku lililonse. Anati ngakhale atakhala kuti waganiza molakwa, mapilisiwo sadzamupweteka mwana. Ine ndinakhumudwa. Ndinayembekezela jakisoni wamphamvu, osati vitamini. Koma masiku owelengeka okha kukomoka kunaleka. Zilonda za pakamwa zinauma. Mwana amene ankangogona lobodo anayamba kundikoka ndolo. Anatitulutsa, tinakakhala kwa mkulu wanga kudikila zotsatila.

Amuna anga anabwela kudzatitenga. Anamunyamula mwana, anamukweza m'mwamba, misozi ikulengeza. Kenako anandiuza uthenga wa kumudzi. Apongozi anati mwana wachila chifukwa ndatalikilana ndi chibwenzi changa chija, ndipo zimenezi zatsimikiza zonse. Anatinso mwana ndi wa banja lawo, abwelele, ine ndikafuna nditsale.

Ndinamulanda mwanayo m'manja mwawo. "Kauzeni amai kuti mwana sachoka pano. Inenso sindiponda ku Ndake mpaka mkodzo wake utayankha."

"Mukuchita mwano, amake mwana."

"Eya, ndikuchita mwano. Ulemu ndinachita pa woyamba uja, mukudziwa kumene ali."

Mau amenewo anali olemela, koma sindinawabweze, ndipo mpaka lelo sindiwabweza. Anachoka osadya. Mkulu wanga anandikalipila kuti ndithetsa banja. Ndinamuuza kuti banja limene likufuna bodza langa kuti liime, liyambe lagwa.

Kudikila kunatalika. Mvula inayamba, anzanga kumudzi anabzala, munda wanga unamela udzu. Ndinkathandiza mkulu wanga kugulitsa tomato ndi kapenta pamsika, ndipo anthu a ku Ndake obwela kudzagula mbewu ankandiyang'ana n'kunong'onezana. Ndinkawapatsa moni mokweza, n'kuwatembenuzila mwana kuti aone tsitsi limene linayamba kumela ngati kapinga.

Dokotala uja atabwelanso, anatumiza mau kuti afuna tonse awili, ine ndi amuna anga. Amuna anga anabwela atavala malaya a kutchalitchi. Anatiuza kuti makina apeza zimene ankaganizila. Thupi la mwana wathu silitha kugwilitsanso nchito vitamini uja mmene amachitila matupi a ena, choncho amamuthela, ndipo zinyalala zimaunjikana m'magazi mpaka kufika ku ubongo. Mapilisi aja azimwa moyo wake wonse. Mosakayikila ndi matenda omwewo amene anatenga woyamba.

Amuna anga anafunsa, "Nanga anawatenga kuti?"

Dokotala anati, "Kwa nonse awili, bambo. Inu muli ndi theka, amai ali ndi theka. Theka lokha silidwalitsa munthu, n'chifukwa chake nonse muli bwino. Mwana akalandila matheka onse awili, ndiye amadwala. Sikuti mwana aliyense adzatelo. Ndipo palibe amene analakwa, munabadwa nazo."

Titatuluka amuna anga anaima pansi pa mtengo wa mango wa pachipatalapo nati, "Amake mwana, ndinakulakwilani. Tiyeni kunyumba. Koma za theka langazo zikhale za ife awili. Amai akamva kuti zili m'magazi athu, ziwapweteka."

Ndinati, "Pamene ankandifunsa dzina la mwamuna, tinali awili kapena panali gulu? Anandinena pagulu, ndikayankha pagulu."

Lamulungu lotsatila ndinapita ku Ndake. Mapemphelo atatha, azimai atakhala panja pa tchalitchi, ndinapempha mai wapampando kuti andilole kulankhula. Ndinamasula mwana kumsana, ndinamukhazika pa mphasa pakati pawo. Ndinafotokoza zonse mmene dokotala anandiuzila, za mkodzo, za makina oyeza tizidutswa, za matheka awili. Ndinawaonetsa botolo la mapilisi. Ndinati aliyense amene mwana wake akuthothoka tsitsi ndi kukomoka asataye nthawi kufunafuna wolakwa, athamangile kuchipatala ndipo akanene za ana onse amene anataya.

Apongozi anali pomwepo. Anaimilila, anakonza duku, nati, "Makina sadziwa za m'nyumba za anthu. M'banja mwathu mulibe matenda amenewo." Anachoka. Azimai ena anawatsatila, ena anatsala. Mmodzi wachikulile, amene sindinalankhulepo naye, anamunyamula mwana wanga n'kumusisita m'mutu. Anandinong'oneza kuti naye anataya atatu kalekale, ndipo kuti atamukakamiza nthawi imeneyo anatchula dzina la mwamuna amene sanamukhudzepo n'komwe.

Ku Ndake sindinabwelelenso kukakhala. Ndinapeza kanyumba ku Nyimba, ndimagulitsa nthochi ndi nshawa m'mbali mwa msewu. Amuna anga anazengeleza nyengo yonse ya mvula, kenako anabwela ndi njinga yawo ndi matilesi. Amalimabe ku Ndake, koma amagona kuno, ndipo mapilisi akatsala pang'ono ndi iwo amene amakwela basi kukawatenga. Mtsikana wathu khutu limodzi silimva bwino, dokotala anati matenda analiwononga tisanayambe mankhwala. Kusukulu amakhala kutsogolo, ndipo ndi wolongolola kuposa ana onse a pamzele wathu.

Chaka chatha ndinabeleka mnyamata. Magazi ake anatengedwa asanatuluke m'chipatala, ndipo anapezeka kuti alibe matendawa. Apongozi atamva anatumiza uthenga kuti tipite naye akamuone. Ndinayankha kuti minibasi zochokela kwawo zimafika ku Nyimba tsiku lililonse, ndipo pakhomo panga mpando ulipo. Akadzabwela ndidzawagwadila, ndidzawaphikila nkhuku, koma ndidzafuna kumva pakamwa pawo kuti ana anga sindinawadule. Mnyamatayo tsopano wayamba kuimilila pogwila khoma. Apongozi sanabwelebe.